Funsani Amayi Aphunzitsi: mabuku ali m'kabati, ana ali panja

Moni nonse owerenga, a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde mpaka inu a ku Moatize amene dzuwa silikusiyani. Mwezi uno mauthenga ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya mabuku ndi ana athu kusukulu, nde ndasankhapo anayi okha poti malo ndi ochepa. Enanu musadandaule, tidzaonana mwezi wamawa.

FUNSO: Amayi aphunzitsi, ine ndimaphunzitsa kalasi 3 pasukulu ina cha ku Dómuè. Chaka chatha tinalandira makatoni awiri a mabuku a nthano, ena a Chipwitikizi ena a Chinyanja, a zithunzi okongola ndithu. Koma mpaka lero ali mu ofesi, akuluakulu akuti tidikire kaye timange chipinda cha laibulale poti ana angawang'ambe. Ine ndimaganiza zokonza tsiku lalikulu la zowerenga kuti mwina mabukuwo atulukeko. Ndiyambire pati? Mphunzitsi, Angónia.

YANKHO: Aphunzitsi anzanga, uthenga wanu wandikumbutsa chinthu chomwe chimandiwawabe mpaka lero. Pasukulu ina yomwe ndinaphunzitsa kumbali ya Tsangano tinali ndi katoni ngati yanuyo, inakhala pakona mu ofesi zaka ziwiri tikudikira chipinda. Tsiku lomwe tinati tiitsegule, anyamata awiri ananyamula katoni ija koma pansi pake panatsala pomwepo. Chiswe chinalowera pansi, mabuku apamwamba okha ndi amene amaoneka bwino, kutsegula a m'katiwo munali dothi lokhalokha, chikuto chili bwinobwino koma masamba mulibe. Mwana olo mmodzi sanagwirepo mabuku amenewo. Ife timaopa zala za ana, koma amene anawadya ndi chiswe.

Nde chipinda musachidikire. Sukulu zathu zambiri ana ena akuphunzirabe pansi pa mtengo, ena m'mawa ena masana chifukwa zipinda n'zochepa, kodi chipinda cha mabuku chidzamangidwa liti? Laibulale imatha kukhala ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro, mvula ikadontha siilowa, chiswe sichiboola, ndipo mwana wa kalasi 5 atha kuinyamula kuchoka mu ofesi kupita nayo pomwe anzake akhala. Imathanso kukhala chingwe chomangidwa kuchoka pazenera kukafika pamsomali, mabuku n'kuwayanika ngati zovala kuti ana aziona zikuto. Mwana sakopeka ndi buku lomwe akungoona msana wake, amakopeka akaona kalulu kapena ng'ona pachikutopo.

Akuluakulu anuwo musakangane nawo, mantha awo ndi omveka, akabwera oyendera amafunsa kuti mabuku aja ali kuti. Apatseni chowatonthoza mtima. Tengani kope limodzi, lembani mabuku onse ndi nambala, nambala yomweyo muilembenso m'kati mwa chikuto. Sankhani ana awiri kapena atatu akhale oyang'anira, iwowo ndi amene azilemba kuti uje watenga nambala 14 Lachisanu, wabweza Lolemba. Mudzadabwa, ana amalondola buku kuposa ife, amadziwa nyumba ya aliyense. Kenako nkhaniyi muipititse ku Conselho de Escola, muli makolo ndi atsogoleri a m'mudzi m'menemo, akagwirizana kuti mabuku atuluke ndiye kuti katundu wachoka pamutu pa munthu mmodzi. Pomweponso mutha kupempha kuti pokambirana za ndalama za ADE, zija boma limatumiza kusukulu mwachindunji, aganizireko ndowa ndi tepi yomatira mabuku. Ndipo muvomerezane poyambirira pomwe kuti ena adzang'ambika, ena awiri atatu adzasowa pachaka, asadzakhale mlandu.

Tsopano za tsiku lalikulu lija. Ndikugwirizana nazo, koma lisakhale loyamba. Ndaona kambirimbiri, tsiku la chikondwerero kubwera alendo, mipando, zolankhula zitalizitali, ana asanu anzeru aja n'kuwerenga zomwe analoweza sabata yonse, anthu m'manja phuphuphu, mawa lake mabuku abwerera m'kabati mpaka chaka chamawa. Yambani ndi kanthawi kochepa koma kosaphonya. Tinene Lachitatu lililonse, mphindi 20 kapena 30, inuyo muwerengere ana nthano mokweza, mosintha mawu, fisi alankhule ngati fisi, mukafika pokoma imani n'kufunsa kuti kodi mukuganiza kuti achita chani, kenako apatseni mabuku agwire okha awiriawiri. Mu Juni ndi Julaye kwanu kuja kumazizira kwambiri, m'kalasi zala zimachita kuuma, atulutseni akawerenge akuothera dzuwa kuseri kwa khoma. A ku Moatize ndi mumzinda wa Tete inu ndi zosiyana, sakani mthunzi ndipo muchite m'mamawa.

Mukachita zimenezi miyezi iwiri, tsiku lalikulu likhala ndi choonetsa chenicheni. Masiku oti mukolowekepo alipo ambiri. 21 Febuluwale ndi tsiku la chilankhulo cha makolo padziko lonse, koma limabwera sukulu itangotsegulidwa kumene, ana asanakhazikike. 23 Epulo ndi tsiku la mabuku. 1 Juni ndi tsiku la ana, ndipo ine ndimalikonda kwambiri limeneli chifukwa makolo amabwera kale okha, ana atavala bwino, chakudya chilipo, simuvutika kuitana anthu. Palinso 8 Sepitembala, tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga.

Patsikulo zolankhula zichepe. Itanani agogo awiri odziwa nthano, akhale pamphasa, ayambe "padangokhala" ana ayankhe "tili tonse" monga timachitira kumudzi madzulo. Ana a kalasi 5 ndi 6 akhale ndi makope azilemba nthanoyo, sabata yotsatira aikonze, ang'onoang'ono ajambule zithunzi, musoke mapepalawo ndi ulusi wa thumba la feteleza, chikuto chikhale cha katoni. Pachikutopo mulembe dzina la agogowo ndi la ana amene analemba. Buku limenelo mudzaona, lidzatha msanga ndi manja kuposa ogula aja, aliyense amafuna kuonetsa kwawo kuti awa ndi agogo athu. Kalasi ina ichite sewero kuchokera m'buku lomwe yawerenga, ina ikonze nyuzi ya pakhoma, nkhani zake zapomwepo, mtengo wa mbatatesi pamsika, mlatho womwe unakokoloka, mpira wa Loweruka. Ndipo ngati mumagwirizana ndi sukulu zina za mu ZIP yanu, gulu lija la sukulu zoyandikana, sinthanani ndowa zija pakatha teremu, ana aone mabuku atsopano popanda kugula olo limodzi.

FUNSO: Amayi, mwana wanga wamkazi ali kalasi 4 koma kuwerenga kumamuvuta, amachita kugwira liwu limodzilimodzi. Kusukulu kwawo kunali mpikisano wowerenga, anamuimika kutsogolo n'kulephera, anzake anamuseka. Kuyambira tsiku limenelo akaona buku amathawa. Ine sukulu sindinapite patali, uthengawu wandilembera ndi mchemwali wanga. Ndimuthandize bwanji? Mayi wa ana anayi, Furancungo.

YANKHO: Mayi anzanga, pepani kwambiri, ndipo mumuuze mwanayo kuti amayi ena a m'magazini akuti iye si mbuli. Mwana amene akugwira liwu limodzilimodzi ndiye kuti wayamba kale kuwerenga, chomwe chatsala ndi kuzolowera basi, ngati mwana wophunzira njinga amene akuyendabe mokhotakhota. Chimene chamupweteka si zilembo, ndi manyazi.

Ndiyambe ndalankhulako ndi aphunzitsi amene akuwerenga pano. Mpikisano si woipa, koma tikamaupanga mwa njira imodzi yomweyi yoti wothamanga kwambiri ndi amene alandire kope ndi pensulo, opambana amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka, ana omwe kwawo kuli kale wowathandiza. Mwana wovutika uja, amene chochitikacho chimayenera kumukoka, ndi amene amabwerako atasweka mtima. Osamuimika mwana kutsogolo kwa gulu ndi ndime yomwe sanaionepo. Mpatseni masiku akonzekere, kapena awerenge awiri ndi mnzake, kapena gulu lonse lipikisane ndi gulu lina kuti odziwa aja akakamizike kuthandiza anzawo. Ndipo pakhale mphatso ya mwana amene wasuntha kwambiri, amene mu Malichi amadziwa zilembo zokha koma pano akuwerenga mzere wathunthu. Ameneyo wagwira ntchito yaikulu kuposa nambala wani.

Tsopano inu mayi. Musadziderere kuti sukulu simunapite patali, pali ntchito yomwe mungaigwire inu nokha, yomvetsera. Pitani kwa aphunzitsi ake mukapemphe kabuku kosavuta, ka kalasi 1 kapena 2, ka Chinyanja ngati kalipo, ka mawu ochepa ndi zithunzi zambiri. Musamuuze kuti awerenge kuti mumuyese ayi. Muuzeni kuti mng'ono wakeyu akuvuta, tamuwerengera kanthano agone. Pamaso pa mwana wa zaka zitatu palibe manyazi, iyeyo ndiye wamkulu, akalakwitsa palibe womuseka, ndipo wamng'onoyo azimuuza kuti bwerezanso, bwerezanso. Kubwereza kabuku kamodzi kakhumi ndi mankhwala enieni, musaone ngati akutaya nthawi.

Chinanso, mufunseni thandizo lenileni. Ndinaonapo kamtsikana kena pamzere wa kuchipatala, agogo ake atakapatsa khadi kuti kawauze tsiku lobweranso. Kanaika chala pakhadipo, milomo ikugwedera, kanatenga nthawi ndithu, kenako kanati agogo ndi pa 17. Agogo aja anatembenukira mayi amene anali pambali n'kunena kuti ndili ndi maso anga ine. Mukanaona m'mene kanakhalira tsonga kamwanako. Nde inunso mpatseni thumba la mbewu akuuzeni zalembedwapo, uthenga ukabwera pafoni muitaneni, nyimbo ya kutchalitchi yomwe amaidziwa kale pamtima aitsatire ndi chala m'buku. Akakakamira pa liwu musafulumire kukalipa, werengani chamumtima mpaka faifi, nthawi zambiri amalipeza yekha.

Koma muonetsetsenso ichi. Ngati amayandikitsa buku kumaso kwambiri, kapena amatsinzina diso limodzi, kapena mukamuitana chakumbuyo samva msanga, mupite naye kuchipatala akamuone maso ndi makutu. Ana ena timawanena kuti ndi ogona pomwe vuto ndi loti bolodi saliona.

FUNSO: Ine funso langa ndi ili. Mayeso ndi a Chipwitikizi, ntchito ndi ya Chipwitikizi, nanga bwanji aphunzitsi akutaya nthawi kuwerengetsa ana nthano za Chichewa chomwe amachidziwa kale? Ndiponso mabuku ena omwe ana akubwera nawo ndi ochokera ku Malawi, kalembedwe kake n'kosiyana, sizisokoneza ana zimenezi? Bambo, Zóbuè.

YANKHO: Bambo, nkhawa yanu ndaimva ndipo makolo ambiri amaganiza chomwecho, si inu nokha. Chipwitikizi mwana wanu ayenera kuchidziwa, n'chimene malamulo a dziko lino amati ndi chilankhulo cha boma, ndipo ine sindingakunamizeni kuti angapite patali popanda icho.

Koma taganizani za mwana wa zaka 6 amene kwawo, kumunda, kudambo, kutchalitchi, konse amamva Chichewa chokha. Tsiku loyamba kusukulu tikumupatsa akatundu awiri nthawi imodzi, aphunzire kuti timizere iti ndi mawu, aphunzirenso chilankhulo chomwe sanachimvepo. Ambiri amangoloweza. Amatha kutchula "o menino come a banana" bwinobwino koma kumufunsa kuti wadya nthochi ndani, zii. Pomwe akawerenga kuti "galu waba nsima" amaseka nthawi yomweyo, ndipo kusekako ndi umboni woti wamva. Luso logwirizanitsa zilembo munthu amaliphunzira kamodzi kokha pamoyo, akalipeza m'chilankhulo chake amalinyamula kupita nalo ku Chipwitikizi. Zilembo a, e, i, o, u ndi zomwezo, ma, me, mi, mo, mu ndi yemweyo.

Ndipo nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife a ku Tete. Boma litafuna kuyesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, pa ntchito yomwe inkatchedwa PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, linasankha zigawo ziwiri zokha, Gaza ndi Chichangana, ndi kuno ku Tete ndi Chinyanja chathuchi. Kuchokera mu 2003 njirayi inayamba kulowa m'sukulu zina m'dziko muno. Nde aphunzitsi amenewo sakuchita za m'mutu mwawo.

Pa za mabuku a ku Malawi mwagwira mfundo yeniyeni, kusiyana kulipo ndithu. Kwanu ku Zóbuè, ngakhalenso ku Calómuè ndi ku Biri Biri, mabuku amawoloka malire ngati m'mene amawolokera tomato, Baibulo ndi mabuku a nyimbo ambiri m'nyumba zathu ndi a kalembedwe ka ku Malawi. Iwo amalemba "chimanga", mabuku a sukulu a kuno amalemba "cimanga" ndi "Cinyanja". Ndiye kubwera Chipwitikizi, "ch" yemweyo akumveka ngati "sh" monga mu chuva ndi chave, pomwe "c" mu casa akumveka "k". Liwu lomwe ife timalemba "ny" mu nyumba, Chipwitikizi chimalemba "nh" monga mu galinha. Mwana akapanda kuuzidwa amasokonezekadi, ndamvapo ana akuwerenga "shimanga". Koma mankhwala ake si kubisa mabuku, ndi kumuuza poyera. Ine ndinkachita ngati masewera, kugawa bolodi pawiri, uku Chichewa uku Chipwitikizi, ana azisaka mawu a "ch" m'mabuku n'kuwaika kwawo kwake. Chitsanzo chokoma chili pachikwangwani pomwe, Ulónguè ndi Ulongwe ndi tauni imodzi, afunseni ana kuti "w" uja wapita kuti. Pakatha sabata ziwiri amakhala akukuphunzitsani ndi iwowo.

Chomwe ndingapemphe aphunzitsi n'choti pa zochitika za laibulale zilankhulo zonse ziwiri zizimveka. Nthano iwerengedwe m'Chichewa, ana aifotokoze m'Chipwitikizi chawo chothyokathyokacho osawadula pakamwa, tsiku lina mutembenuze. Inu bambo mukafuna kutsimikiza, mpatseni mwana wanu ndime ya Chipwitikizi awerenge kenako akuuzeni m'Chichewa zomwe wamva. Akatha kutero mtima wanu ukhale m'malo.

FUNSO: Amayi, ndine mtsikana wa kalasi 9. Kumudzi kwathu sukulu ya pulaimale ilibe laibulale olo buku limodzi la nthano. Ine ndi anzanga awiri tikufuna tiziwerengera ana Loweruka masana koma tilibe mabuku, tili ndi foni imodzi basi. Zingatheke? Mtsikana, Chifunde.

YANKHO: Mwana wanga, zingatheke, ndipo uthenga wako ndauwerenga kawiri chifukwa cha kukoma kwake.

Uyambe wapita kwa amfumu ndi kwa akulu a sukuluyo, upite ndi mayi ako kapena munthu wina wamkulu, kuti makolo adziwe komwe ana awo ali ndiponso pasadzakhale zonenanena. Malo akhale poonekera, pabwalo la sukulu kapena pakhonde la tchalitchi, ndipo muziweruka dzuwa lisanapendeke kwambiri kuti ana afike kwawo kukuwala. Nthawi yokolola ndi yosoka fodya ana adzachepa, usadzagwe ulesi, amabweranso.

Foni imodziyo ndi yokwana poyambira. Pa intaneti pali African Storybook, pamene pali tinthano ta ana taulere m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa ndi Chipwitikizi zilipo. Tsiku lomwe wapeza netiweki yabwino ndi timamega pang'ono, tsitsa tingapo usunge m'foni. Koma ana 20 sangaunjikane pa kagalasi kamodzi, nde ukopere nthanoyo ndi dzanja pamapepala akuluakulu kapena kuseri kwa katoni, zilembo zikuluzikulu, mzere umodzi kapena iwiri patsamba, mnzako wodziwa kujambula ajambule. Wina akamapita kutauni mutha kusonkherana timameticais akakusindikizireni ziwiri zitatu.

Kwa ang'onoang'ono amene sanayambe kuwerenga, tolerani zitsekerero za mabotolo, lembani m'kati mwake ba, be, bi, ma, ta, ko, muwathire pansi azipanga mawu, wopanga mawu ambiri ndiye asankhe nthano ya tsikulo. Pansi pomwepo ndi bolodi, kamtengo ndi choko. Muziyamba ndi nyimbo kapena ndagi kuti asonkhane, nyumba ya amayi yopanda khomo, akayankha kuti dzira, wina alembe "dzira" padothi onse aone.

Ukatha mwezi umodzi undilembere, undiuze kuti kumabwera ana angati ndiponso nthano iti yomwe akuikonda. Unenenso ngati uli ndi makope otsala a chaka chatha, masamba osalembedwa aja musawataye, ndi omwe mudzasokere buku lanu loyamba.